Wikipedia ndi Britannica m'manja mwa mwana wa sekondale: kuwerenga kuseri kwa nkhani

Mu Julayi 2022, mnyamata wina wa zaka 15 ankawerenga pa Wikipedia nkhani ya Alan MacMasters, munthu wa ku Scotland amene ankati ndiye anapanga chipangizo choyamba chamagetsi chowotchera buledi mumzinda wa Edinburgh mu 1893. Chithunzi cha mkuluyo sichinamukhutiritse. Chinkaoneka ngati chojambulidwa dzana lomweli, kenako wina n'kuchikalambitsa dala. Mnyamatayo ananena poyera kuti akukayika, anthu ena anayamba kufukula, ndipo zinadziwika kuti katswiri woteroyo kunalibe. Dzinalo analilowetsa mongosewera ndi ophunzira a pa yunivesite ina ku Britain mu 2012. Kwa zaka 10 bodzalo linayenda m'manyuzipepala ndi m'mabuku, mpaka sukulu ina ya pulayimale ku Scotland inakonza tsiku lokumbukira katswiri wongopekayo.

Aphunzitsi ambiri akamva nkhani ngati imeneyi amati, "Mwaonatu, paja ndinakuuzani kuti Wikipedia musamaikhulupirire." Sakunama. Koma chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti atolankhani ndi olemba mabuku, anthu olandira malipiro kuti azifufuza, anangokopera, ndipo amene anaima n'kufunsa anali mwana wa msinkhu wa Fomu 2. Ana athu akuwerenga kale insaikulopediya za pa intaneti, kaya tiwaletse kaya tisawaletse. Akalemba funso pa Google, kabokosi kamene kamatuluka pamwamba kapena pambali nthawi zambiri kamakhala katatapa mawu ake ku Wikipedia. Chatsala n'chakuti wina awaphunzitse kawerengedwe kake, ndipo malo oyenera ntchito imeneyi ndi laibulale, kumene kompyuta ndi shelefu ya mabuku zili m'chipinda chimodzi.

Insaikulopediya sinaone ndi maso

Tiyambe ndi chinthu chimene ana ambiri sanauzidwepo. Zolembedwa zimene munthu amagwiritsa ntchito pa kafukufuku zili m'magulu atatu. Pali zochokera kwa eniake a nkhani: kalata imene John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 yodandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo ya azungu, chithunzi chojambulidwa tsiku lomwelo la chochitika, lipoti la kalembera wa anthu. Kenako pali zolembedwa ndi anthu amene anasanthula zimenezi, monga buku la wolemba mbiri kapena nkhani ya m'magazini ya akatswiri. Pomaliza pali zimene zimangosonkhanitsa ndi kufupikitsa zimene akatswiriwo ananena, ndipo muno ndimo muli insaikulopediya zonse, zapapepala ndi za pa intaneti zomwe.

Pabwalo la milandu kwa amfumu, munthu akaimirira n'kunena kuti "ndinamva kuti mbuzi inalowa m'munda", nduna zimamufunsa kuti anamva kwa yani ndipo amene anaona ali kuti. Insaikulopediya ndi munthu wakumva uja. Ikhoza kunena zoona zokhazokha, koma pamalopo panalibe iyo. Phindu lake lili poti imatchula mboni, ndiye mwana amene wawerenga nkhani n'kusiya mayina a mbonizo wataya theka la zimene anapatsidwa. Izi zimakhudzanso Britannica, ngakhale kuti dzina lake ndi lolemekezeka.

Britannica inayamba kusindikizidwa ku Edinburgh mu 1768, m'mavoliyumu atatu. Kwa zaka zoposa 200 inali chizindikiro cha laibulale yeniyeni, ndipo ambiri a ife tinaiona koyamba itandandalikidwa pashelefu ya mabuku osabwereketsa. Mu 1993 kampani ya Microsoft inatulutsa insaikulopediya yake ya Encarta pa CD, Britannica nayo inalowa pa intaneti mu 1994, ndipo msika wa mavoliyumu olemera unayamba kugwa. Encarta inatha mu 2009. Mu Malichi 2012 eni Britannica analengeza kuti sadzasindikizanso, moti mavoliyumu 32 a mu 2010 ndiwo anali omaliza. Lero Britannica ili pa intaneti, ndipo ili ndi chigawo cha masukulu chimene chimapereka nkhani imodzi m'Chingelezi cha misinkhu yosiyana, kuyambira cha mwana wa pulayimale mpaka cha wa sekondale.

Wikipedia inabadwa mwanjira ina. Jimmy Wales ndi Larry Sanger anayamba ndi Nupedia mu 2000, insaikulopediya yaulere yolembedwa ndi akatswiri, imene nkhani iliyonse inkadutsa masitepe 7 owunika isanatuluke. Inayenda pang'onopang'ono kwambiri moti nkhani zomalizidwa sizinafike 30. Pa 15 Januwale 2001 anatsegula Wikipedia, kumene aliyense akanatha kulemba ndi kukonza, poganiza kuti izikhala kodyetsera Nupedia. Mwana anaposa kholo. Lero Wikipedia ili m'zilankhulo zoposa 300, ya Chingelezi yokha ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, ndipo bungwe la Wikimedia Foundation ku San Francisco limasamala makompyuta ndi ndalama koma silemba nkhanizo. Olemba ndi anthu ongodzipereka, ambiri a iwo osatchula mayina awo enieni.

Bodza limakhalitsa kumene kulibe maso

Mawu akuti "aliyense akhoza kulemba" ndi amene amaopsa makolo ndi aphunzitsi, koma sanena zonse. Wikipedia ili ndi malamulo atatu akuluakulu okhudza nkhani. Wolemba asakondere mbali. Chilichonse chimene munthu angachikayikire chikhale ndi gwero losindikizidwa limene wowerenga angakalione yekha. Ndipo wolemba asaikemo zimene wafufuza yekha kapena maganizo ake, ngakhale atakhala pulofesa. Kusintha kulikonse, ngakhale kwa chilembo chimodzi, kumasungidwa limodzi ndi tsiku, nthawi ndi dzina la akaunti imene yasintha. Pali maprogramu, monga ClueBot NG, amene amafufuta zotukwana ndi zamasewera m'kanthawi kochepa, ndipo nkhani zimene anthu amalimbirana zimaikidwa loko kuti alendo asazisinthe.

Mu Disembala 2005 magazini ya sayansi ya Nature inapereka nkhani 42 za sayansi kwa akatswiri kuti aziwunike, osawauza kuti iyi ndi ya Wikipedia, iyi ndi ya Britannica. Anapeza zolakwika 162 mu Wikipedia ndi 123 mu Britannica, ndipo zolakwika zazikulu zinali 4 mbali iliyonse. Eni Britannica anatsutsa mwamphamvu kafukufukuyo mu 2006, Nature nayo inakana kubweza mawu. Ziwerengerozi n'zakale ndipo zinali za sayansi yokha, ndiye tisazinyamule ngati chigamulo. Zimene zinaonetsa n'zakuti palibe insaikulopediya yopanda cholakwa.

Mu 2005 momwemo panachitika nkhani ina imene inasintha malamulo. Munthu wina analemba pa Wikipedia kuti John Seigenthaler, mtolankhani wachikulire wa ku Tennessee ku America, ankaganiziridwa kuti anakhudzidwa ndi kuphedwa kwa pulezidenti wa dzikolo John Kennedy ndi mng'ono wake Robert. Linali bodza lamkunkhuniza, ndipo linakhala pamenepo miyezi pafupifupi 4 popanda woliona. Zitadziwika, Wikipedia ya Chingelezi inaletsa anthu opanda akaunti kuyambitsa nkhani zatsopano, n'kukhwimitsa malamulo okhudza nkhani za anthu amoyo.

Mukaika nkhani ziwirizi pambali pa ya chowotchera buledi ija, muona chinthu chimodzi chofunika kuti mwana aliyense achidziwe. Wikipedia imakhala yolimba kumene kuli maso ambiri. Nkhani ya malungo, ya mmene zomera zimapangira chakudya chake, kapena ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse imawerengedwa ndi anthu miyandamiyanda ndipo ili ndi akonzi ambiri oilondera, moti bodza silichedwa kugwidwa. Nkhani ya phungu wakale wa dera lina, ya mfumu yaikulu ya ku Ntchisi, ya sukulu inayake ya ku Chitipa, ikhoza kukhala kuti inalembedwa ndi munthu mmodzi zaka 10 zapitazo ndipo palibe anabwererako. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa: nkhani zimene ana a ku Malawi amazifuna kwambiri ndi zomwezo zimene zili ndi alonda ochepa.

Tiyese ndi Chilembwe

Tinene kuti mtsikana wa Fomu 3 wapatsidwa ntchito yolemba zimene zinachititsa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndipo wapeza mpata wa theka la ola pa kompyuta ya mu laibulale. Ambiri pamenepa amakopera ndime yoyamba n'kunyamuka. Ndime yoyambayo ndi chidule chabe cha nkhani yonse, yothandiza kudziwa ngati wafika pamalo oyenera. Ntchito yeniyeni ili m'munsi.

Choyamba atenge kope n'kulemba mayina ndi mawu ofunika amene akukumana nawo: Joseph Booth, mmishonale amene anapita naye ku America mu 1897, Lynchburg ku Virginia kumene anaphunzira, Providence Industrial Mission imene anaiyambitsa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu atabwerako mu 1900, minda ya A. L. Bruce ku Magomero; William Jervis Livingstone, woyang'anira mindayo amene anaphedwa usiku wa pa 23 Januwale 1915; thangata; msonkho wa nyumba. Asanawerenge, mtsikanayu anali ndi dzina limodzi lokha. Tsopano ali ndi mawu 7 kapena 8 oti akafufuzire m'katalogi ya laibulale ndi m'mlozera wa kumapeto kwa mabuku. Pa zonse zimene insaikulopediya imapereka kwa munthu woyamba kumene, ichi ndicho chachikulu.

Kenako ayang'ane timanambala ting'onoting'ono ta kumapeto kwa ziganizo. Kalikonse kamalozera ku mawu a m'munsi, kumene kuli wolemba, mutu wa buku, chaka ndiponso nthawi zambiri nambala ya tsamba. Pa nkhani ya Chilembwe akumana ndi George Shepperson ndi Thomas Price, amene buku lawo la mu 1958 likadali maziko a zambiri zolembedwa za iye, komanso Landeg White amene analemba mbiri ya Magomero. Mafunso oti adzifunse ndi ochepa. Kodi ndime imene ndikufuna kuigwiritsa ntchito ili ndi kanambala? Kodi kakulozera ku buku la wolemba mbiri kapena ku tsamba la pa intaneti losadziwika mwini wake? Kodi nkhani yonse yatsamira pa wolemba mmodzi? Akapeza mawu akuti "citation needed" kumapeto kwa chiganizo, ndiye kuti mkonzi wina anakayikira kale n'kupempha umboni umene sunabwere, ndipo chiganizo chimenecho asachitenge asanachipeze kwina.

Aonenso mmene nkhani ikulankhulira pa zinthu zosatsimikizika. Chaka cha 1871 chimalembedwa kawirikawiri ngati chobadwa Chilembwe, koma zolembedwa za ubwana wake n'zochepa, ndipo olemba mbiri osamala amachitchula mochenjera. Nkhani yabwino imasonyeza kukayika kumeneku. Mwana amene waphunzira kuona kusiyana kwa "anabadwa mu 1871" ndi "akuti anabadwa cha m'ma 1871" wayamba kale kuganiza ngati wolemba mbiri. Chimodzimodzi ndi funso la amene akulankhula. Zambiri zimene tikudziwa za kuukirako zinachokera ku komiti yofufuza imene boma lachitsamunda linakhazikitsa, ndiye kuti mawu a anthu amene anagonjetsa ndiwo anasungidwa bwino kuposa a ogonjetsedwa. Palibe insaikulopediya imene ingakonze zimenezi, chifukwa imangotunga m'zitsime zimene zilipo.

Pamwamba pa tsamba pali mawu awiri amene ana ambiri sanawadinepo. Pa "View history" pali mndandanda wa kusintha konse kuyambira tsiku limene nkhani inayamba. Apa munthu amaona ngati nkhaniyo ili ndi olemba 200 kapena awiri, ngati yasinthidwa dzulo kapena mu 2014, ndiponso ngati pali anthu amene akufufutirana mawu. Pa "Talk" pali zokambirana za akonzi: uyu akuti chiwerengero ichi n'cholakwika, uyo akubweretsa buku lina. Kuwerenga mikangano imeneyi kumaphunzitsa mwana kuti zimene zili m'mabuku zinafika m'menemo anthu atatsutsana kaye. Ndi phunziro limene buku la silabasi silingapereke, chifukwa limafika m'manja mwa mwana litapsa kale. Pa foni mawu awiriwa saonekera msanga ngati pa kompyuta: mbiri ya kusintha imapezeka podina mzere wa pansi pa nkhani wonena tsiku limene inasinthidwa komaliza. Kanyenyezi pakona ya pamwamba kamasonyeza nkhani imene yawunikidwa mozama ndi akonzi ena, ndipo kachizindikiro kobiriwira kamasonyeza yowunikidwa pang'ono. Nkhani zambiri zilibe chilichonse mwa ziwirizi.

Akamaliza, mtsikana uja apite kushelefu kapena kwa woyang'anira laibulale ndi mayina a mabuku. Mwina bukulo kulibe, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri. Komabe funso lake lasintha. Poyamba akanati, "Madamu, muli ndi buku la Chilembwe?" Tsopano akhoza kufunsa za Magomero, za thangata kapena za Booth, ndipo buku lililonse la mbiri ya Nyasaland lili ndi masamba okhudza zimenezi. Wofuna kupita patali akhoza kulozeredwa ku National Archives ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre.

Gwero lobwerera kumene linachokera

Pali msampha wina umene ngakhale kanambala sikakupulumutsa. Mu 2008 mnyamata wa zaka 17 wa ku New York analemba pa Wikipedia kuti kanyama ka ku South America kotchedwa coati kamadziwikanso ndi dzina lakuti "Brazilian aardvark". Anangopeka. Manyuzipepala angapo a ku Britain anatola dzinalo, kenako mkonzi wina wa Wikipedia anatenga nkhani ya m'nyuzipepala n'kuiika ngati umboni wa chiganizo chomwe chija. Bodza linabereka gwero lake lokha. Njira yogwirira zotere ndi kuyerekeza masiku: ngati chiganizo chinalowa mu Wikipedia mu 2008 ndipo gwero lake linasindikizidwa mu 2010, pali chifukwa chofufuzira gwero lina lakale kuposa 2008. Mwana wa Fomu 4 akhoza kuchita zimenezi m'mphindi zochepa akangosonyezedwa kamodzi.

Ziwerengero nazo zimafuna tsiku. Kalembera wa mu 2008 anapeza anthu pafupifupi 13.1 miliyoni m'Malawi, wa mu 2018 anapeza pafupifupi 17.6 miliyoni, ndipo ziwerengero za zaka zotsatira ndi zongoyerekeza. Mwana akakopera nambala osalemba chaka chake ndi amene anaiwerenga, nambalayo sinena kanthu. Pa nkhani ngati imeneyi ndi bwino kudumpha insaikulopediya n'kupita ku lipoti la National Statistical Office lenilenilo, limene mawu a m'munsi amalozerako.

Lamulo losakondera limadabwitsanso ana. Mwana amene wakula akudziwa kuti nyanja ndi ya Malawi akawerenga nkhani yake apeza kuti ku Tanzania amaitcha Lake Nyasa, ku Mozambique Lago Niassa, ndipo pali mkangano wa malire: Malawi imaimira pa pangano la Britain ndi Germany la mu 1890 limene linaika malire m'mphepete mwa gombe la kummawa, pamene Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Ena amakwiya n'kunena kuti nkhaniyo ikunama. Sikunama, ikungofotokoza zimene mbali iliyonse imanena. Mwana amene akufuna kuteteza mbali ya dziko lake pa mtsutso wa kusukulu amapindula kwambiri podziwa mfundo za mbali inayo.

Britannica ili ndi ubwino wake pamenepa. Nkhani zake zambiri zili ndi dzina la wolemba ndi ukatswiri wake, zimadutsa kwa akonzi olembedwa ntchito, ndipo munthu wamasewera sangazisinthe. Chingelezi chake nthawi zambiri chimakhala chosalala, pamene nkhani zina za Wikipedia, makamaka za masamu ndi sayansi, zimalembedwa ngati za ophunzira a ku yunivesite. Koma chigawo chake cha masukulu n'cholipira, nkhani zake za Malawi n'zochepa ndi zazifupi, ndipo wowerenga saona mikangano ya akonzi. Laibulale imene ili ndi zonse ziwiri ikhoza kuchita chinthu chothandiza kwambiri: kuuza ana kuti awerenge mutu umodzi konse kuwiri n'kulemba pamene zikusiyana.

Akatswiri a ku Stanford University, Sam Wineburg ndi Sarah McGrew, anachita kafukufuku mu 2017 amene anasintha maganizo a oyang'anira malaibulale ambiri. Anapereka masamba a pa intaneti kwa olemba mbiri 10, anthu 10 ogwira ntchito yotsimikiza nkhani m'manyuzipepala, ndi ophunzira 25 a pa yunivesiteyo, kuti anene odalirika. Ophunzira ndi ena mwa olemba mbiri ankakhalitsa patsamba lomwelo, akuyang'ana kukongola kwake ndi zimene likudzinenera lokha, ndipo ambiri anapusitsidwa. Otsimikiza nkhani aja ankachoka patsambapo mwamsanga n'kukafufuza zimene ena akunena za eni tsambalo, ndipo Wikipedia inali imodzi mwa malo amene ankayambira. Apa pali ntchito yachiwiri ya insaikulopediya kwa wachinyamata. Akalandira pa WhatsApp nkhani yochokera ku bungwe la dzina lomveka bwino lonena za katemera kapena za maphunziro aulere kunja, akhoza kufufuza kaye kuti bungwelo ndi la yani asanaitumize kwa anzake.

Zimene mulibe

Mu 2009 Mark Graham wa ku Oxford Internet Institute anasonyeza kuti nkhani za Wikipedia zokhudza malo a ku Antarctica, kumene kulibe anthu okhala mokhazikika, zinali zambiri kuposa za dziko lililonse la mu Africa kupatula limodzi. Zinthu zasinthako kuchokera nthawi imeneyo, koma kupendekeka kudakalipo. Pa nkhani za mbiri ya anthu mu Wikipedia ya Chingelezi, za amayi ndi pafupifupi 20 pa 100 zilizonse. Lamulo lofuna gwero losindikizidwa, lomwe limateteza ku mabodza, ndi lomwelonso limatsekera kunja nzeru zathu zambiri. Agogo amene amadziwa mzere wa mafumu a m'dera lawo, kapena mmene mudzi unasamukira nthawi ya njala ya mu 1949, sangakhale gwero mpaka wina alembe zimene akunena n'kuzisindikiza. Ana ayenera kuuzidwa momveka kuti chinthu chikasowa pa intaneti sizitanthauza kuti sichinachitike kapena n'chopanda pake. Pa mitu ya kwathu, kufunsa akuluakulu n'kulemba tsiku ndi malo a kucheza kumeneko ndi kafukufuku weniweni.

Wikipedia ya Chichewa ilipo, koma nkhani zake sizinafike 2,000 ndipo zambiri n'zazifupi. Chinthu chimene chinachitikira chilankhulo cha Scots cha ku Scotland chiyenera kutichenjeza. Mu Ogasiti 2020 zinadziwika kuti nkhani zoposa 20,000 za mu Wikipedia ya chilankhulochi zinalembedwa ndi wachinyamata wa ku America amene sankachilankhula. Sanali ndi cholinga choipa, ankaganiza kuti akuthandiza, koma ankangosintha kalembedwe ka mawu a Chingelezi. Kwa zaka zambiri panalibe eni chilankhulo okwanira oti aone. Chilankhulo chilichonse chokhala ndi akonzi ochepa chili pangozi yomweyo, makamaka lero pamene makina omasulira ali m'foni ya aliyense. Kwa mwana amene Chingelezi cha Wikipedia yaikulu chikumulemera, pali Simple English Wikipedia, yolembedwa m'mawu osavuta, yothandiza kumvetsa mutu asanalimbane ndi nkhani yaitali.

Bandulo ikatha

Zonsezi zikutengera kuti pali intaneti, ndipo m'masukulu ambiri a kumudzi kulibe, kapena ilipo koma bandulo ndi yodula. Pulogalamu ya Wikipedia Zero, imene inkalola anthu a m'mayiko ena kuwerenga osalipira, inayamba mu 2012 n'kutha mu 2018. Chimene chatsala n'chodalirika ndi Kiwix, pulogalamu yaulere imene Emmanuel Engelhart ndi Renaud Gaudin anayambitsa mu 2007. Munthu amakopera Wikipedia yonse kamodzi, n'kumaiwerenga popanda intaneti pa kompyuta kapena pa foni. Ya Chingelezi yokhala ndi zithunzi imatenga malo a magigabaiti pafupifupi 100, ndipo pali zigawo zing'onozing'ono monga za zaumoyo zokha. Tizipangizo monga RACHEL ndi Internet-in-a-Box timagawira zimenezi ku mafoni ndi makompyuta a m'chipinda chimodzi.

Komatu woyang'anira laibulale adziwe zimene zimatayika. Mu Kiwix mulibe "View history", mulibe "Talk", ndipo mawu a m'munsi amawerengeka koma sungadine kuti ufike ku gwero. Nkhani zimaima pa tsiku limene zinakopedwa. Ndi bwino kulemba tsikulo papepala n'kulimata pakompyutapo, kuti mwana wofufuza za nduna kapena za mtengo wa feteleza adziwe kuti akuwerenga za liti.

Kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT inatuluka, ana ena sakufikanso n'komwe ku insaikulopediya. Amafunsa makina n'kulandira ndime yosalala. Makina otere anaphunzitsidwa ndi zolembedwa zambiri kuphatikizapo Wikipedia yomweyo, koma yankho lawo lilibe mbiri ya kusintha, lilibe tsamba la mikangano, ndipo nthawi zina amapeka mabuku amene kulibe. Mwana wozolowera kufunsa kuti "umboni wake uli kuti" ali ndi chodzitetezera. Amene anangouzidwa kuti "Wikipedia ayi" alibe.

Mu 2007 dipatimenti ya mbiri ya pa Middlebury College ku America inaletsa ophunzira kutchula Wikipedia ngati gwero m'zolemba zawo, koma sinawaletse kuiwerenga, ndipo a Wikipedia eniake anagwirizana nazo. Ndikuona kuti lamulo limenelo ndi loyenera masukulu athu a sekondale: werenga, tola mayina, tsatira mawu a m'munsi, ndipo m'zolemba zako utchule buku limene waliona ndi maso ako. Mphunzitsi akhoza kupempha kuti mwana apereke, pamodzi ndi ntchito yake, kapepala kosonyeza njira imene anayenda kuchokera pa insaikulopediya kukafika pa bukulo. Kukopera kumachepa kokha ngati chimene chikupatsidwa malikisi ndi njirayo.

Oyang'anira malaibulale nawonso analowamo. Mu 2016 kunayamba kampeni ya 1Lib1Ref yopempha aliyense wa iwo kuti aike gwero limodzi pa chiganizo chopanda umboni, ndipo bungwe la malaibulale a mu Africa la AfLIA, lomwe likulu lake lili ku Accra, linayamba kuphunzitsa mamembala ake ntchito imeneyi mu 2020. Kalabu ya achinyamata pa nthambi iliyonse ya National Library Service imene ili ndi intaneti ikhoza kuchita zomwezo. Asankhe nkhani ya boma lawo, mtsinje wawo kapena munthu wotchuka wa kwawo amene anamwalira kale, apeze chiganizo chopanda kanambala, afufuze pashelefu mpaka apeze buku lotsimikiza kapena lotsutsa. Mkulu wowayang'anira aonetsetse kuti sakugwiritsa ntchito mayina awo enieni pa akaunti, sakutchula zaka zawo kapena sukulu yawo, ndipo sakulemba za anzawo kapena aphunzitsi awo, chifukwa chilichonse cholembedwa pamenepo chimasungidwa poyera. Choti alowetse ndi zinthu zinayi zokha: dzina la wolemba, mutu wa buku, chaka chosindikizidwa ndi nambala ya tsamba.